Mbale isachoke munthu asanasambe m'manja

Aliyense amene anatsikapo zitunda za Thabwa pamsewu wa M1 n'kuwoloka mtsinje wa Shire pamlatho wa Kamuzu akudziwa kuti kuchigwa kuno munthu sadya mothamanga. Mwezi wa Okutobala, kutentha ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula kumafika madigiri 40, ndipo nsima sizizira msanga. Umatema mbamu ziwiri, n'kuyamba wapuma, kumwera madzi, kupukuta thukuta.

Vuto lagona pamenepa. M'malo ena odyera m'misika imeneyi, ukangotsamira mpando, woperekera chakudya wafika kale, wanyamula mbale. Mutu wa mlamba umene umausungira kumapeto wapita kukhitchini, chonsecho ndalama ulipira yonse.

Zifukwa zawo n'zomveka. Ntchentche sizichedwa kutera, mbale n'zochepa, ndipo minibasi ya ku Nsanje ikaima, anthu ambiri amafuna pokhala nthawi imodzi.

Koma makakana a kudambo la Elephant Marsh ndi nsomba yaminga, woidya mopupuluma imamulasa pakhosi. Komanso kuchotsa mbale ya mmodzi mnzake akudyabe kumam'chititsa manyazi wotsalayo, amaoneka ngati wadyera. Achikulire ena amangosiya nsima asanakhute.

M'midzi ya Amang'anja ndi Asena chizindikiro chilipo kale: mlendo akasamba m'manja, ndiye kuti wamaliza. Eni malo odyera aphunzitse antchito awo zomwezo. Akakayika, afunse kaye: "Bambo, mwamaliza? Ndichotse?" Kufunsa sikudya ndalama, koma kasitomala wolandidwa mutu wa mlamba mawa akadyera kwina.