SQLite ndi mapulogalamu a mabizinesi aang'ono

Ndimadyera kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo makasitomala anga ambiri ndi a mabizinesi aang'ono: sitolo ya mankhwala, golosale, sukulu yapulayiveti, gulu la banki mkhonde limene latopa ndi kulemba m'kope. Anthu otere alibe ndalama yogulira seva, alibenso munthu woti aziisamalira. N'chifukwa chake pafupifupi pulogalamu iliyonse imene ndimalemba imakhala ndi SQLite m'kati mwake.

SQLite siyenda payokha ngati MySQL kapena PostgreSQL. Ndi library yolembedwa mu C imene imalowa m'pulogalamu yako, ndipo database yonse imakhala fayilo imodzi. Anaiyambitsa ndi D. Richard Hipp mu 2000, ndipo aliyense amaigwiritsa ntchito mwaulere. Ili m'mafoni a Android ndi iPhone, ilinso mu Firefox ndi Chrome. Wolemba mu Python amaipeza ilipo kale, popeza module ya sqlite3 inalowa mu Python 2.5 mu 2006.

Achinyamata amene amabwera kudzaphunzira kwa ine sachedwa kutsegula fayilo ndi kupanga tebulo. Amakodwa patsogolo pake. Kusukulu anaphunzira ma class, ndiye amapanga Kasitomala, Katundu ndi Ngongole, ndipo object ya Kasitomala imanyamula mndandanda wa ngongole zake zonse. M'pulogalamu zimenezi n'zabwino. Koma tebulo silinyamula mndandanda. Kumeneko zinthu zimatembenuka: ngongole iliyonse imakhala mzere wakewake m'tebulo lake, ndipo mzerewo ndi umene umasunga nambala ya mwini ngongole. Wongoyamba kumene akapanda kuona kutembenukaku, amalumikiza ngongole zonse ndi makoma n'kuzipanikiza mu column imodzi. Zimayenda ndithu, mpaka tsiku limene mwini sitolo adzafunse kuti ndani amene watha mwezi osabweza ya shuga. Pamenepo pulogalamu iyenera kuwerenga kasitomala aliyense n'kumasula makomawo mmodzimmodzi, pomwe SELECT imodzi yokhala ndi JOIN ikanayankha.

Lamulo langa n'lakuti class ya Kasitomala isadziwe kuti kunja kuno kuli database. Ntchito yake ndi kudziwa dzina, foni ndi malire a ngongole. SQL yonse yokhudza makasitomala ndimaiika mu class ina, imene ili ndi ntchito zochepa: kusunga, kupeza ndi nambala, kufufuza ndi dzina, kufufuta. Imalandira object n'kulemba mzere, kapena kuwerenga mzere n'kubweza object. Batani la pa sikirini likakhala ndi INSERT m'kati mwake, ndimabweza ntchitoyo kuti ikonzedwe. Ubwino wina umaoneka poyesa pulogalamu: m'malo mwa dzina la fayilo umalemba :memory:, database n'kukhala ya kanthawi, yosakhudza mabuku enieni a sitolo.

Pali msampha wina umene chilankhulo chathu chimauulula msanga. Wophunzira amamanga SQL pomata mawu amene wogulitsa wataipa. Tsiku loyamba munthu alemba "nyama ya ng'ombe", pulogalamu n'kugwa, chifukwa SQL imatenga kachizindikiro ka pakati pa g ndi o ngati mapeto a mawu. Ena amathamangira kuchotsa kachizindikiroko, n'kuwononga mayina a anthu. Njira yake ndi kuika ? pamalo pa mawuwo n'kuwapereka padera. Khomo lomwelo ndi limene akuba amalowera ndi SQL injection, ndiye ukalitseka wathetsa mavuto awiri.

SQLite ndi yofatsa mopitirira muyeso. Ukailembera mawu mu column ya INTEGER imalandira osadandaula, pokhapokha tebulolo ulipange STRICT, zimene zinayamba kutheka mu 2021 ndi version 3.37. Ma foreign key nawo sagwira ntchito mpaka ulembe PRAGMA foreign_keys = ON nthawi iliyonse ukatsegula database; ukaiwala, kasitomala amafufutika ngongole zake n'kutsala zopanda mwini. Ilibenso mtundu wapadera wa madeti, choncho ndimalemba chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2024-03-09, kuti asanjike bwino. Ndalama ndimasunga ngati matambala mu INTEGER. Manambala a REAL sasunga 0.1 ndendende, ndipo wowerengera ndalama akapeza kusiyana kwa tambala imodzi sakugonetsa tulo.

Chimene ndimaphunzitsa mwakhama kwambiri ndi transaction, chifukwa kuno magetsi amathima osatsanzika. Kugulitsa paketi imodzi ya mankhwala ndi ntchito zitatu: kuchotsa pa katundu wotsala, kulemba risiti, ndi kuonjezera ngongole ngati munthu sanalipire. Zitatuzi zikhale pakati pa BEGIN ndi COMMIT. Kompyuta ikazima pakati, SQLite imabweza zonse mmene zinalili ikadzatsegulidwanso. Apa m'pamene ma object amapusitsa, chifukwa iliyonse imafuna kudzisunga yokha ndi COMMIT yakeyake. Wolamula transaction akhale ntchito yogulitsayo, osati Katundu kapena Risiti. Zimathandizanso pa liwiro: mizere masauzande yolowa mu transaction imodzi imatha mwachangu kwambiri kuposa yolowa umodziumodzi, popeza COMMIT iliyonse imadikira disiki.

Za ma ORM, amene amasandutsa okha ma object kukhala mizere ya m'tebulo, monga SQLAlchemy, Hibernate kapena Room ya pa Android, sindidana nawo, ndimawagwiritsa ntchito. Koma wophunzira wanga sawakhudza asanalembe yekha class yosunga ndi kuwerenga. Apo ayi, sadzamvetsa chifukwa chake sikirini ya makasitomala 500 ikuchedwa, pomwe ORM ikufunsa database kamodzi pa kasitomala aliyense.

SQLite ili ndi malire ake. Imalola wolemba mmodzi pa nthawi imodzi. Njira yake yolembera yotchedwa WAL, imene inabwera mu 2010, imangothandiza kuti owerenga asadikire wolemba. Kukopera fayilo pa flash pulogalamu ili m'kati molemba kukhoza kukupatsa kope lowonongeka, ndiye ndimagwiritsa ntchito VACUUM INTO. Ndipo mwini sitolo akagula makompyuta atatu n'kupempha kuti fayiloyo ikhale mu foda ya pa netiweki, ndimakana, chifukwa maloko a fayilo sadalirika kumeneko. Pamenepo timagula kompyuta ina yoti ikhale seva, n'kusamukira ku PostgreSQL.