Mafunso 9 amene sakhutira ndi "bwino"

Kuno ku Chamboli yankho tili nalo limodzi chabe. Wina akatifunsa m'Chibemba kuti muli shani, timati bwino. Akatifunsa m'Chinyanja chathu cha kunyumba, timatinso bwino. Amene nchito yamuthera ali bwino, mtsikana amene wagona maola awiri okha nayenso ali bwino. N'chifukwa chake mafunso oyeza mmene mumtima mulili, aja ena a ife tayamba kuyankha pafoni usiku, amatidabwitsa. Iwo sakhutira ndi "bwino".

Odziwika kwambiri ndi a PHQ-9, ochokera ku America, amene analemba Robert Spitzer, Janet Williams ndi Kurt Kroenke chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Alipo 9, ndipo onse amafunsa za masabata awiri apitawa: ngati zimene unali kukonda zikukusangalatsabe, mmene ukugonera, mmene ukudyera, ngati ukudziona wolephera. Funso lililonse umalipatsa nambala, kuyambira 0 ngati sizinakuchitikire, mpaka 3 ngati ndi pafupifupi tsiku lililonse. Ukawonkhetsa umapeza pakati pa 0 ndi 27. Ukafika pa 10 kapena kupitirira, ndiye kuti ukaonane ndi a chipatala.

Apa ndi pamene timakangana. Mafunsowa afuna kudziwa ngati ukudya pang'ono, koma safunsa ngati m'nyumba muli unga. Afuna kudziwa za tulo, koma sadziwa kuti akulu athu amalowa pansi ku mgodi wa Nkana shifiti ya usiku. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti anali kuthima maola ambiri patsiku, ndipo ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo anali kudzuka pakati pa usiku magetsi akabwera. Munthu wotereyu alemba 3 pa tulo, 3 pa kutopa, 2 pa kudya, 2 pa kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Wafika kale pa 10, za chisoni asanatchule n'komwe. Ndipo mu April 2020, Glencore italengeza kuti iimitsa migodi ya Mopani, mukanagawa mapepala amenewa khomo ndi khomo kuchokera kuno mpaka ku Wusakile, sitikukayika kuti komboni yonse ikanaoneka yodwala. Koma anali mantha a anthu oganiza bwinobwino.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Ife sitinena kuti tili ndi depression. Timati mutu ukutentha, mtima ukuwawa, tikuganiza kwambiri. Ku Harare anaiona nkhaniyi kale. Vikram Patel ndi anzake anamvetsera mawu amene odwala ndi asing'anga amagwiritsa nchito, ndipo mu 1997 anatulutsa mafunso 14 a Chishona, momwe muli kufungisisa, kuja kuganiza kwambiri kwathu komwe. Mafunso amenewo ndi amene agogo a Friendship Bench, imene anayambitsa Dixon Chibanda ku Mbare, amafunsa munthu atakhala naye pabenchi. Nawo a SRQ-20 a bungwe la WHO, amene anayesedwa m'Chichewa pakati pa azimayi ku Thyolo ku Malawi, amayamba ndi kufunsa za mutu kuwawa, ndipo umangoyankha inde kapena ayi. Ameneyo ndi mlendo wodziwa kugogoda asanalowe.

Komabe PHQ-9 sitikuitaya, chifukwa cha funso lomaliza. Limafunsa ngati wakhala ukuganiza kuti kuli bwino kufa, kapena kudzivulaza. Tiuzeni, ndani anakufunsanipo zimenezi maso ndi maso? Amayi amafunsa ngati wadya. Abusa amafunsa ngati ukupemphera. Anzathu pa kantemba amati limba, mwamuna salira, n'kukugulira kamodzi. Onsewa amatikonda, koma funso ilo amalilambalala ngati dzenje. Sitikuwadabwa. Tinakula dzina la Chainama, chipatala cha ku Lusaka, lili chitonzo cha pabwalo la sukulu, ndipo lamulo la atsamunda la 1949, lomwe linali kutchula odwala maganizo ndi mawu achipongwe, linachotsedwa mu 2019 mommuno, patabwera Mental Health Act. Nyumba zathu sizinasinthe msanga ngati lamulo. Kwa ambiri a ife, woyamba kufunsa funso limeneli mosazungulira ndi foni.

Vuto ndi loti foni ikafunsa, imakupatsa nambala n'kukusiya wekha mumdima. Nambalayo si matenda, ndipo amene anapanga mafunsowa anafuna kuti pambuyo pake pakhale wachipatala wokufunsa zambiri. Funso lomalizalo siliyenera kumizidwa m'kuwonkhetsa. Munthu angapeze 4 yekha pa 27, koma ngati 1 mwa zimenezo wachokera pamenepo, nkhani yakula kuposa ya mnzake wa 12 wosowa tulo. Amafunika munthu wamoyo tsiku lomwelo: namwino wa pakiliniki, m'bale wosunga chinsinsi, kapena Lifeline pa 933, yomwe kuimba kwake n'kwaulere.

M'kagulu kathu tinagwirizana kuti manambala sitiwonetsana, chifukwa anyamata ayamba kupikisana ngati zigoli za Nkana ndi Power Dynamos. Timangofunsana kuti, "Nanga lachisanu ndi chinayi lija?" Wina akachedwa kuyankha, mmodzi wa ife amamuperekeza mpaka pakhomo, n'kukhala pang'ono.