Mbalame ya ku Kachulu

Usiku wa Lachisanu m'mwezi wa Juni, mkulu wina wa ku Sakubva mumzinda wa Mutare anayala katundu wawo pabedi: juzi yaubweya, chipewa chophimba makutu, fulasiki ya tiyi, magalasi oonera patali obwereka, ndi kabuku kolembamo. Kunja kunali kamvula kozizira kamene a ku Zimbabwe amati guti, pomwe a ku Malawi amati chiperoni. M'mawa wake gulu la okonda mbalame linkapita ku damu la Osborne, pa mtsinje wa Odzi, ndipo iwo anali atalembetsa nawo ulendowo koyamba.

Mumtima mwawo munali mbalame imodzi yokha, imene Angerezi amati grey-headed gull. Ndi yoyera kumimba, yotuwa pamsana, ya mlomo ndi miyendo yofiira, ndipo mutu wake umatuwa m'nyengo yoswana. Wotsogolera gululo anali atawachenjeza kuti mbalameyi imakonda madzi aakulu monga a Kariba, choncho mwina akabwerako osaiona. Mkuluyo anangovomera ndi mutu.

Iwo anabadwira ku Mutare komweko. Bambo awo anachoka ku Nyasaland m'zaka za chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito pa njanji yochokera ku Beira, imene inafika m'tauniyi mu 1898. Mayi awo anali a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Madzulo, akuotha moto, mayiwo ankasimba za mbalame zoyera zimene zinkazungulira mabwato ndi phokoso lalikulu asodzi akamakocheza ndi matemba. Ankazitchula ndi dzina lake. Koma mwanayo, amene lilime lake linali litayamba kale kupendekera ku Chimanyika cha anzake, sanalisunge. Mayiwo anamwalira. Nkhwazi ndi kakowa akuzikumbukirabe, koma dzina ili linawathawa.

Mdzukulu wawo wamkazi analowa atanyamula foni.

“Agogo, ndalipeza dzina lija. Akuti Chroicocephalus cirrocephalus.”

Mkuluyo anaseka pang'ono. “Limenelo ndi la m'mabuku, mdzukulu wanga. Ine ndikufuna limene ankatchula mayi anga.”

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo ana a anthu amene kale ankanyozedwa kuti ndi obwera anakondwera. Komabe lamulo limateteza dzina la chilankhulo, silisunga mawu ake amodziamodzi. Ku Sakubva mawu a nsima, a maliro ndi a chinkhoswe akadali amoyo chifukwa pakamwa pamawafuna tsiku ndi tsiku. Amene amayamba kufota ndi mawu a zinthu zimene maso saonanso: mitundu ya nsomba, zida za asodzi, mphepo za panyanja, mbalame za padoko. Mwana wokulira pakati pa mapiri alibe poti awatchulire. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, koma mvula itagwa madzi anabwerera, ndipo matemba amene anabisala m'mitsinje anaswananso. Mawu nawonso amabwerera pokhapokha ngati pali munthu amene anawasunga penapake.

N'chifukwa chake mkuluyo sankakonzekera ngati anzawo, amene cholinga chawo chinali kuwerenga mbalame ndi kuzilemba pamndandanda. Iwo ankafuna kumva kulira kwake. Ankakhulupirira kuti khutu likhoza kutsegula pamene maganizo atseka, kuti phokoso lija likawafika, mawu a mayi awo adzatsatira pambuyo.

“Nanga likapanda kubwera, agogo?” anafunsa mtsikanayo.

“Ndiye udzajambule kulirako pafoni yakoyo, titumize kwa abale ku Zomba. Kudoko sikungasowe nkhalamba yolidziwa.”

Mtsikanayo anapita kukafuna juzi yake, ngakhale poyamba anali atakana kudzuka m'chisanu chifukwa cha mbalame. Mkuluyo anatsegula kabuku kaja, nalemba tsiku ndi malo pamwamba pa tsamba loyamba. M'munsi mwake analemba dzina la Chingerezi, kenako anasiya mpata wokwana mawu amodzi. Anatchera wotchi kuti iwadzutse 4 koloko m'mamawa, nazimitsa nyali.