Mphuno ya Boila

Atate anga anagwira nchito yosonkha moto pa boila ya sukulu ina yogonera konko m'boma la Katete kwa zaka zambiri. Boilayo inali migolo iwiri ya malita 210, yogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa kuseri kwa khicini. Iwo anali kudzuka tambala woyamba, ndipo ine, pokhala mwana wacisamba, ndinali kuwatsata ndi nkhuni pa phewa. Pamwamba pa migoloyo panali mpope wowonda umene unakwera kupitirira denga, nupindika kumapeto ngati ndodo ya nkhalamba. Moto ukakula, mpopewo unali kulavula madzi ndi nthunzi. Tsiku lina ndinafunsa cifukwa cimene sanali kuutsekera, popeza unali kutaya madzi amene tinavutika nawo. Anandiyankha kuti, "Iyo ndiyo mphuno ya boila. Ukaitseka, boila idzafuna pena popumira, ndipo sidzayamba yakufunsa."

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo mauwo ndinawaiwala.

M'caka ca 2023 ndinapeza nyumba ya lendi ku Chilenje mu Lusaka. M'denga mwake munali giza ya magetsi ya malita 150, pafupifupi pamwamba peni-peni pa cipinda ca ana. Sindibisa, ndinanyada. Ine mwana wa wosonkha moto ndinali kupeza madzi otentha pongopotokola pompi, popanda utsi m'maso. Kunja, pansi pa malata, panaturuka kampope kacitsulo kamene sindinakasamale, kufikira mwezi wa Juni pamene kanayamba kutaya madzi otentha usana ndi usiku. Khoma linada, ndalama za madzi zinakwera, ndipo mwini nyumba anangoti adzatuma munthu mwezi ukatha. Ndinaona kuti munthu wa setifiketi ya Giredi 12 sangagonje kwa kampope. Ndinagula kacitsekero ka mkuwa pa msika, ndinakwera pa mpando, ndi kukamanga zolimba. Kudontha kunatha, ndipo ndinatsika ngati mmisiri.

Sabata lomwelo atate anafika kudzaonetsa diso lao kucipatala. Mkazi wanga anali atadandaula kale kuti madzi alikuocha koposa ndi kuti pompi ilikutsokomola, koma ine ndinati ndiko kukoma kwa giza m'nyengo yacisanu. Usiku waciwiri ndinamva kugogoda pa citseko.

"Dzuka, mwana wanga. M'denga mwako muli cinthu cilikuwira."

Ndinachera khutu, ndipo ndinamva kuguguda ngati mphika wa nyemba pa moto waukuru. Atate sanaonepo mkati mwa giza ciyambire, komabe funso lao linali limodzi: "Mphuno yake ili kuti?" Ndinawatenga kunja ndi toci, ndi kuwaonetsa nchito ya manja anga. Anayang'ana kacitsekeroko ndi diso lao labwino lija, nayang'ananso ine. Sanandidzudzule pamaso pa apongozi ao, ndipo kufikira lero ndiwathokoza pa cimeneci. Anangoti, "Zimitsa moto wake. Turutsa ana. Ico usacikhudze." Ndinatsitsa swici ya giza pa bokosi la magetsi, tinanyamula ana m'mabulangete, ndipo atate anandiuza kutsegula pompi ya madzi otentha pang'ono-pang'ono nditaima pambali. Munaturuka nthunzi imene inadzaza bafa lonse. Tinacezera panja mozungulira mbaula kufikira kunaca.

Mmisiri wa mipope amene anabwera m'mawa anandifotokozera zimene ndinayenera kudziwa ndisanakwere pa mpando uja. Mkati mwa giza muli elementi, citsulo cimene cimatentha ngati ca m'ketulo ya magetsi, ndiponso themositati, imene imadula magetsi madzi akafika pa madigiri 60 kapena capafupi. Themositati yathu inafa ili yotsegula njira, cotero elementi sinali kupuma. Kampope kaja kanacokera ku valavu yotetezera, imene imadzitsegula yokha madzi akayandikira kuwira kapena mphamvu ikacuruka m'thanki. Sikanali kuonongeka ai. Kanali kugwira nchito yake, ndi kundicenjeza. Madzi otsekeredwa amapitirira madigiri 100 osasanduka nthunzi, koma thanki ikangong'ambika amasanduka nthawi yomweyo, ndipo lita imodzi ya madzi imapanga nthunzi yoposa malita 1,600. Mphamvu yotere imagwetsa denga ndi khoma lomwe. Pamene anali kulankhula, ine maso anali pa bedi la ana.

Atacotsa elementi, ndinalephera kuizindikira. Inali itavala cikhungwa coyera, ndipo pansi pa thanki anakokolapo miyala ya laimu yodzaza beseni laling'ono. Mzinda wa Lusaka unakhala pa mwala wa laimu, ndipo madzi a m'zitsime zake zakuya amanyamula laimuyo. Mai aliyense amene anayang'anapo m'ketulo yake adziwa cimene ndilikunena. Elementi yokutidwa motere imacedwa kutenthetsa madzi, imacititsa phokoso, ndipo pomariza imapsa. Anationetsanso kandodo kacitsulo cofewa kamene amakaika m'thanki kuti dzimbiri lidye iko m'malo mwa thanki. Kathu kanali katatha, kutsala waya. Madzi otentha akayamba kufiira, kawiri-kawiri ndiye kuti dzimbiri lafika pa thanki, ndipo thanki ikabooka palibe coisoka, mugula ina.

Zina anazichula mothamanga alikumanga zitsulo. Madzi akakana kutentha, yambani mwaona swici pa bokosi. Ikagwa nthawi zonse mukaikweza, elementi yang'ambika ndipo magetsi alikukhudza madzi. Mukamva kunyerenyesa m'dzanja pogwira pompi, zimitsani magetsi ndi kuitana wodziwa, pakuti waya wopita ku nthaka waduka kapena sanaikidwe konse, ndipo munthu wonyowa m'bafa sapirira magetsi. Madzi akasowa m'mipope, giza izimitsidwe, cifukwa elementi yoyaka pouma imapsa msanga. Kudontha pang'ono kwa madzi pamene giza ilikutentha si matenda, popeza madzi amafufuma akatentha. Coopsa ndi madzi otentha oyenda osaleka.

Wina adzati, nanga ife a kumudzi nkhani ya giza itikhudza bwanji? M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kusowa maola ambiri pa tsiku. Ngakhale pamene analipo, kutenthetsa malita 150 kamodzi kumadya mayuniti pafupifupi 7. Giza yathu inakhala cete, ife tinabwerera ku mbaula. Mgolo wa pa ng'anjo sunathe nchito, ndipo ndauona pa mafamu, pa nyumba za aphunzitsi ndi pa zipatala zazing'ono. Koma mgolo ulibe themositati kapena valavu. Mtetezi wake ndi mpope uja wokha. Ukwere kupitirira thanki yodzazira madzi, pasakhale pompi pa iwo, ndipo mudziupisa waya nthawi ndi nthawi, pakuti tizilombo tomanga ndi dothi timakonda kuumata. Musasonkhe moto pansi pa mgolo wouma, ndipo mukapeza watentha ulibe madzi, ulekeni uzizire musanathire ena. Mgolo umene munali petulo kapena mankhwala a m'munda si wosambira, ndipo kuuocerera kwaphetsa anthu. Giza za dzuwa zimene zilikuoneka pa madenga masiku ano nazonso zili ndi popumira pake, ndipo m'mwezi wa Okutobala madzi ake amaocha ngati a pa moto. Mwana asatsegule yekha.

Diso la atate linacira. Tsiku lobwerera, ndilikuwaperekeza ku basi ya ku Chipata, ndinafuna kupepesa, koma mau anakana. Iwo anapisa dzanja m'thumba la jekete naturutsa kacitsekero kaja. Mmisiri anakataya pabwalo, iwo nakatola. Ndinapempha kuti andipatse ndikaponye m'dzala.

"Ai," anatero, "aka n'kamkuwa, sikacita dzimbiri."

Anakamangirira ku makiyi a njinga yao. Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi, ndipo ndinapeza kuti ngakhale anyamata oweta ng'ombe akudziwa kumene kanacokera.