M'damu mulibe mwera

Abale anga a kunyanja, kuweta nsomba ndi nkhani ina. Ine ndinakulira m'bwato la bambo, ntchito yanga ndi injini za maboti, koma masiku ano amandiitana ku Mitundu ndi ku Nathenje kukakonza mapampu a madamu, ndiye ndaonako zinthu.

Kwathu mwera ukawomba, madzi amatakasika okha. M'damu mulibe mwera. Munthu wagula tiana ta makumba ku Bunda, ndalama za fodya zonse zathera pomwepo, ndiye akuthira gaga ngati akudyetsa nkhumba. Chikondi chimenecho! Koma mu June ndi July kuno kumazizira, madzi akatsika pansi pa madigiri 20 tinsomba sitidya kwenikweni. Gaga uja amamira, amawola, n'kumaliza mpweya wa m'madzi. Mukapita mbandakucha mupeza tonse tili pamwamba, kukamwa yasa. Pamenepo musadyetse ayi. Tulutsani madzi a pansi, lowetsani atsopano.

Madzi abwino amakhala obiriwira pang'ono. Viikani mkono: chikhatho chikasowa musanafike m'chigongono, manyowa achuluka, siyani kaye kuthira.

Anzathu oweta discus m'magalasi, kansomba ka ku Amazon kamene tiana take timadya zoterera za pakhungu la makolo, ambiri amasintha madzi a tianato tsiku ndi tsiku. Ife timati n'zachizungu. Koma mdala wina ku Nathenje anataya theka la nsomba zake usiku umodzi, nandiimbira kuti pampu yavuta. Pampu ndinaipeza ili bwinobwino. Nditalowa m'damu, gaga wowola anandifika m'kakolo.