Kwa Atsibweni ku Katete: BP ndi shuga sizichokera m'mbale mokha

Johannesburg

Atsibweni,

 Kuno ndili bwino ndipo ntchito ya unamwino ikuyenda. Ndamva kuti anthu akakolola mudzakhala pansi kukamba za kusudzula alamu anga ndiponso za chuma chimene malemu achimwene anasiya: ng'ombe, ngolo ndi nyumba ya malata ija. Ine ndine mwana, mwambo sindingakuphunzitseni. Koma pali zimene ntchito yanga yandionetsa, ndipo ndikufuna zifike m'khutu mwanu tsikulo lisanakwane, chifukwa mawu otsiriza pabwalo limenelo adzakhala anu.

Odwala ambiri amene ndimawathandiza kuno ndi amayi a BP ndi shuga. Timawauza zomwe amauzidwanso amayi anga ku chipatala cha St Francis: chepetsani mchere, chepetsani shuga mu tiyi, nsima isachuluke, imwani mankhwala tsiku lililonse. Malangizowa ndi oona. Koma alipo ena amene amatsata zonsezi, mwezi ukatha kabuku kawo kakuonetsabe manambala okwera. Ukawafunsa kuti kunyumba kuli bwanji, amayamba kulira. Wina mwana wake ali kundende, wina mwamuna amamumenya akaledzera, wina akulera zidzukulu zamasiye ndi kandalama ka ukalamba. Onsewa amayankha mofanana: "Ndimaganiza kwambiri."

Pali mayi wina wophunzira wa ku America amene wathera zaka zambiri akumvetsera anthu otere. Dzina lake ndi Emily Mendenhall, pulofesa pa Georgetown University ku Washington. Chimene chinandikopa n'chakuti imodzi mwa ntchito zake zoyamba anaichitira kwathu ku Zambia. Ali wachitsikana, anafufuza makalata a wilo amene mabanja okhala ndi HIV ankalemba ku Lusaka, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 2007 pamodzi ndi madokotala ena, a ku Zambia ali momwemo. Nkhani yake inali ya kulanda chuma cha masiye. Anthu aja anali kale ndi matenda m'thupi, koma pamwamba pa matendawo panalinso mantha akuti akatsikira kulichete, abale adzabwera kudzasesa m'nyumba, mkazi ndi ana n'kutsala padzuwa.

Kuchoka apo anapita ku Chicago, kumene anakhala pansi ndi amayi 121 a shuga ochokera ku Mexico. Sanayambe ndi kuwafunsa zimene amadya. Anawapempha kuti afotokoze moyo wawo kuyambira paubwana, ndipo ena analankhula kwa maola angapo. Oposa theka ananena kuti anachitidwapo nkhanza, kumenyedwa, kutukwanidwa kapena kugwiriridwa. Pafupifupi theka anali ndi matenda a maganizo, aja ofoola mtima mpaka munthu kusowa chomukondweretsa. Ambiri mwa iwo ankati shuga wawo anayamba pambuyo pa tsoka linalake. Buku la nkhani zimenezi linatuluka mu 2012.

Sanaimire pomwepo. Funso lomwelo anapita nalo ku Delhi m'dziko la India, ku Nairobi ku Kenya, ndi kuno ku Soweto, kumene anagwira ntchito ndi ofufuza a University of the Witwatersrand. Amayi a ku Soweto anamuuza za ana awo amene anafa ndi Edzi, za zidzukulu zimene anatsala nazo, za umbanda ndi za ulova. Ena ankaopa shuga kuposa HIV, poti HIV anali ataizolowera ndipo mankhwala ake akudziwika, pamene shuga ankaona kuti akudula anthu miyendo ndi kuwachititsa khungu. Mu 2017 anatsogolera mndandanda wa zolemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, ndipo mu 2019 anatulutsa buku lina losonkhanitsa zimene anamva m'mizinda inayi ija. Mfundo yake inali imodzi zaka zonsezi: shuga, matenda a maganizo, umphawi ndi nkhanza zikakumana mwa munthu mmodzi zimakolezana, ndipo dokotala amene akuona chimodzi chokha sangamuchize munthuyo mokwanira.

Mwina mukuti, maganizo angalowe bwanji m'magazi? Mukudziwa mmene thupi limachitira munthu akapeza njoka m'nkhokwe. Mtima umagunda mothamanga, thukuta limatuluka, miyendo imapeza mphamvu. Zimenezi zimachitika chifukwa thupi latulutsa adrenaline ndi cortisol. Ziwirizi zimakweza BP ndipo zimauza chiwindi kuti chithire shuga m'magazi kuti munthu athe kuthawa. Njoka ikaphedwa, zonse zimabwerera m'malo. Koma mkazi amene madzulo aliwonse amamvetsera mapazi a mwamuna woledzera, kapena wamasiye amene sakudziwa ngati mvula ya chaka chamawa idzamupeza m'nyumba yomweyo, thupi lake silibwerera m'malo. Tulo timasowa, mitsempha ya magazi imauma, ndipo insulini, imene imalowetsa shuga m'minofu, imasiya kumveredwa bwino. Kuwonjezera apo, munthu wosweka mtima amaiwala mapiritsi, amadumpha tsiku la kuchipatala, ndipo ena amathawira ku kachasu.

Si mayi ameneyu yekha amene anaona zimenezi. Ku America komweko, madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda anafunsa anthu oposa 17,000 za ubwana wawo, ndipo kuyambira mu 1998 anayamba kuonetsa kuti amene anakula akumenyedwa, kapena akuona amayi awo akumenyedwa, ankadwala kwambiri mtima, chiwindi ndi mapapo atakula. Kwathu nakonso alipo wathu, Given Hapunda wa pa University of Zambia, amene mu 2015 analemba za achinyamata a m'Zambia amene ali ndi shuga wofuna jakisoni wa insulini. Anawo anadandaula za kusowa chakudya choyenera, za umphawi wa kunyumba ndi za kusalidwa ndi anzawo. Ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera. Matendawa si a mabwana a ku Lusaka okha ayi. Ali m'midzi ya kwa Mbang'ombe, kwa Kawaza ndi kwa Kathumba, ali ku Sinda, ali ku Vubwi.

Ndikawerenga zimenezi ndimaganiza za mbadwo wa amayi ndi inu. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inkadumpha malire, anthu a m'midzi ya m'mbali mwa malirewo n'kumagona kutchire. Itatha nkhondo Edzi inafalikira kwambiri, ndipo ma ARV asanafike makolo anaika ana awo motsatizana, n'kutsala ndi zidzukulu. Mu 2024 chimanga chinapserera m'minda mpaka boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Pakati pa zonsezi pali nkhawa za chaka ndi chaka: feteleza wochedwa, ngongole ya thonje, mtengo wa soya wogwa nthawi yogulitsa, ng'ombe zofa ndi matenda a nkhupakupa. Amayi anapirira zonsezi osadandaula, ndipo timawatama kuti ndi olimba mtima. Lero akumwa mapiritsi a BP m'mawa uliwonse. Ine sindikhulupirira kuti mchere wokha ndiwo unawafikitsa pamenepa.

Mundimvetse bwino, atsibweni. Sindikunena kuti aliyense wa shuga anazunzidwapo, kapena kuti munthu akapeza mtendere ataye mankhwala. Shuga ndi BP zimayendanso m'magazi a kumtundu, zimabwera ndi ukalamba, ndi kunenepa, ndi mowa, ndi fodya. Amayi asasiye mapiritsi ngakhale tsiku limodzi, ngakhale atamva bwino, ngakhale wina atawapempherera kapena kuwapatsa mizu. BP imapha mwakachetechete, ndipo sitiroko ikagwira munthu sitiyenera kuthamangira kuloza chala agogo a m'mudzi kuti ndi mfiti, chifukwa kutero n'kuwonjezera wodwala wachiwiri. Chimene ndikunena n'chakuti chipatala chili ndi mbali yake, banja lilinso ndi yake. Chipatala cha St Francis chakhala chikutichiza kuyambira mu 1948, koma namwino amene ali ndi mzere wa anthu mpaka panja sangafike pakhomo pathu kudzaletsa mkangano. Pakhomo pamafika inu.

N'chifukwa chake ndikupempha zinthu zitatu.

Choyamba ndi cha alamu anga. Lamulo la m'Zambia la mu 1989 lokhudza munthu womwalira osasiya wilo limati ana alandire magawo 50 pa 100 a chuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena amene malemuyo ankawasamala 10. Munda wa kwa amfumu lamuloli silikhudza, umenewo mudzaweruza ndinu mwa mwambo. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, ng'ombe zija anaziweta awiri, ndipo thonje limene linagula malata analipalira awiri. Mukawalanda zolimira, simunawalande chuma chokha. Mwawapatsa zaka zosagona tulo, ndipo ana aja adzakula akukumbukira kuti a kwa atate awo ndiwo anawasiya manja lende. Asudzuleni mwaulemu, muwasiyire ng'ombe zolimira ndi ngolo, ndipo muwauze pamaso pa anthu kuti anawo ndi athu.

Chachiwiri ndi cha unkhoswe. Mwana wamkazi wa m'mbumba mwathu akabwera ndi nkhope yotupa, mawu akuti "banja n'kupirira" asakhale oyamba kutuluka. Kupirira njala ndi mwamuna wako n'kwina, kupirira zibakera n'kwinanso. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2011, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Mkazi amene mwamubweza kuti akapirire adzabweranso patapita zaka, ulendo uno ali pa ngolo kupita kuchipatala, ndipo ana amene ankaonerera adzanyamula zimenezo mpaka ukulu wawo.

Chachitatu ndi chosavuta, koma ndicho timachiiwala: kumvetsera. Ku Harare dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi wamba kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu othedwa nzeru, kenaka kuwathandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulithetsa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Ife agogo tili nawo, anamkungwi tili nawo, amayi a chigwirizano kutchalitchi tili nawo. Chosowa n'chakuti munthu alankhule mpaka amalize, osamudula ndi malangizo, ndiponso osamva nkhani yake mawa lake kuchitsime. Mukapita kukaona amayi, musangofunsa ngati amwa mankhwala. Afunseni chimene chikuwasowetsa tulo, ndipo mudikire yankho. Imfa ya mwana wawo sanailirebe mokwanira.

Ife a kunja tilinso ndi mbali yathu. Timatumiza ndalama pa foni n'kumayesa kuti tamaliza udindo, pamene kholo likufuna kumva mawu a mwana wake. Ndiponso ambiri a ife kuno tikudwala matenda omwewa chifukwa cha mantha a mapepala, a ntchito ndi a ziwawa zothamangitsa alendo, koma kumudzi timangonena kuti zonse zili bwino. Amene muwerenge kalatayi muli ku Joni, ku Kitwe kapena ku London, kayezetseni BP ndi shuga, ndipo pezani munthu mmodzi womuuza zoona.

Atsibweni, mwezi wa Ogasiti anthu akamasonkhana ku Mkaika pa Kulamba ndikuyembekeza kudzakhala nanu, ndipo ndidzabweretsa makina oyezera BP kuti akhale a mudzi wonse. Koma nkhani ya alamu anga idzakhala itaweruzidwa kale ine ndisanafike. Ndikupemphani, muiweruze mokomera ana ndi mayi wawo.

Ndine mwana wa mlongo wanu.