Gemu Ndiyo Imasankha

Ndalama za ndakatulo zimabwera modontha, ndiye pofuna graphics card ine sindifunsa kuti lamphamvu ndi liti. Ndimafunsa kuti gemu yanga imamvana ndi khadi liti.

Khalidweli si la lero ayi. Mu 1996 kampani ya 3dfx inatulutsa Voodoo, khadi lolankhula chinenero chakechake chotchedwa Glide. Tomb Raider inkachita kuwala pa khadi limeneli, makoma a m'mapanga kusalala ngati miyala ya mumtsinje. Kumapeto kwa 2000 Nvidia inalengeza kuti ikugula katundu wa 3dfx, Glide n'kuzirala. Magemu atsopano anangolidutsa khadi lija ngati sakulidziwa.

Lero mpanda udakalipo. Mu Cyberpunk 2077, DLSS, njira yokongoletsa chithunzi popanda kulemetsa makina, imafuna khadi la Nvidia RTX basi. FSR 2 ya AMD siyang'ana nkhope, imalandira onse. Mtima wanga uli kwa AMD, kunena zoona. Koma maso, abale, akufuna Night City usiku, misewu itanyowa ndi mvula. Ndatenga la Nvidia, monyinyirika. Nyama tidzaonananso Disembala.